Febe ndi Kamtengo ka M'chitini

Febe anali ndi kamtengo. Kanali kamtengo ka mapeyala. Sikanali m'munda. Sikanali pabwalo. Kanali m'chitini.

Febe ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kubzala kamtengo kake pansi.

Nkhani yake inayamba chonchi. Tsiku lina kunabwera amalume ake, a Isaac. Anachokera ku Thyolo, kwawo kwa makolo a Febe. Anabweretsa mapeyala m'thumba. Febe anadya limodzi. Ananyambita ndi zala zomwe. Koma njere yake sanataye. Anathira dothi m'chitini. Anaikamo njere ija. Anathirira madzi. Anadikira masiku ambiri. Kenako kamtengo kanasuzumira.

Febe anathamangira kwa amayi ake.

"Amayi, ndikabzale kuseri kwa nyumba?"

"Ayi, mwanangu," anatero amayi. "Pano si pathu."

Amayi ankanena zoona. Bambo a Febe anali a Jonasi. Amayi ake anali a Rose. Onse awiri anali matenanti. Ankalima fodya pa esiteti. Munda unali wa eni ake. Nyumba inali ya eni ake. Fodya akagulitsidwa, lole inkabwera. Ankakweza katundu wawo. Ankapita ku esiteti ina. Paja amati mlendo ndi mame.

Nthawi yosamuka ikayandikira, a Jonasi ankakhala pakhomo. Ankayang'ana kumsewu. Ankadikira lole. Ndipo ankakonda kunena mawu amodzimodzi.

"Tsiku lina ndidzamanga yanga. Khomo lake lidzayang'ana kumsewu. Aliyense wodutsa adzaona kuti Jonasi ali ndi nyumba."

"Tamva, bambo a Febe," ankatero a Rose akuseka. "Tanyamulani kaye mphasazo."

Pa katundu wawo yense panali tebulo limodzi. Tebulolo linali lalitali. Linalinso lamakani ngati mbuzi. Pakhomo linkakana kutuluka. Pa lole linkakana kukwana. A Jonasi ankakankha. A Jonasi ankatuluka thukuta.

"Litembenuzeni, bambo!" ankatero Febe.

Bambo ankalitembenuza. Tebulo linkakwana.

"Mwana uyu ali ndi maso," ankatero amayi.

Lole inawapititsa ku Kabudula. Febe anakhala pamwamba pa matumba. Chitini anachiika pamiyendo. Mphepo inawomba. Febe anaphimba kamtengo ndi chitenje.

Atafika anafunsa, "Amayi, pano ndibzale?"

"Ayi, mwanangu. Pano si pathu."

Chaka china lole inawapititsa ku Nambuma. Febe anakhalanso pamwamba pa matumba. Chitini chinalinso pamiyendo. Kamtengo tsopano kankamugunda kuchibwano.

Atafika anafunsanso, "Nanga pano, amayi?"

"Ayi, mwanangu. Panonso si pathu."

Ku Nambuma kamtengo kanayamba kudwala. Masamba anasanduka achikasu. Tsamba limodzi linagwa. Lina linagwanso. Mizu inatulukira kunsi kwa chitini.

"Kapanikizika," anatero amayi. "Mizu ikufuna nthaka. Kakakhalitsa m'chitinimu, kauma."

Febe anamva chisoni kwambiri. Anatola masamba akugwa aja. Anawaika m'thumba la diresi lake. Tsiku limenelo sanasewere fulaye.

Koma makolo ake anali ndi chinsinsi. Chaka chilichonse ankasungako kangachepe. Nsapato za bambo zinang'ambika. Bambo anazisoka. Zinang'ambikanso. Anazisokanso. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsiku lina m'mawa, bambo anapukuta njinga yawo.

"Febe, samba msanga," anatero. "Tikupita ku Nsaru."

"Kukatani, bambo?"

"Ukaona komweko."

Kufupi ndi Nsaru kunali mayi wina, a Hannah. Anali mphunzitsi wopuma pantchito. Anali ndi malo m'mbali mwa msewu. Anavomera kugulitsako kachigawo.

Tsiku limenelo amayi nawonso analipo. Kunabweranso mboni. Onse anayenda m'malire. A Hannah anali patsogolo ndi ambulera yawo. Pakona iliyonse ankaima. Bambo ankazikapo nkhadze. Anazika pakona yoyamba. Anazika pachiwiri, pachitatu ndi pachinayi. Kenako anapita kwa amfumu. Kumeneko analemba kalata. Aliyense anasainapo.

Malowo sanali aakulu. Koma kwa Febe anali ngati dziko lonse.

Febe anakoka chitenje cha amayi ake.

"Amayi, kodi pano ndi pathu?"

"Pano ndi pathu, mwanangu."

"Tanenaninso."

"Pano ndi pathu."

"Kamodzinso, amayi!"

"Iwe Febe, wagontha kodi?" anatero amayi. Koma ananenanso. Nawonso mawuwo ankawakomera m'kamwa.

Lole inabwera komaliza. Inatsitsa katundu wawo pa malo awo. Bambo anamanga chisakasa cha udzu. Ankagona m'menemo. Nyumba yeniyeni inali isanabadwe.

Nyumba imayamba ndi njerwa. Njerwa zimayamba ndi matope. Bambo anakumba dothi pambali pa chulu. Amayi anatunga madzi kumjigo. Bambo anaponda matope ndi mapazi. Anawathira m'chikombole. Anathamanga nacho. Anakhuthula pansi, phwa! Njerwa ziwiri. Anathamanganso, phwa! Njerwa zina ziwiri.

Febe anabwera ndi chitini chake.

"Bambo, ndibzale pati?"

Bambo anali matope okhaokha. Matope m'manja. Matope m'miyendo. Matope ndi pamphuno pomwe. Sanacheuke n'komwe.

"Bzala paliponse, mwanangu. Pano ndi pathu."

Febe anayamba kufufuza malo abwino. Anapita kufupi ndi msewu. Kunali kotsika. Kunali mchenga wobwera ndi madzi. "Kuno ayi," anatero.

Anapita kufupi ndi chulu. Kunali dzenje lalikulu la njerwa. "Kunonso ayi."

Anakwera chakumtunda. Kumeneko kunali kosalala. Dothi lake linali lofiira bwino. Kamphepo kankadutsa. "Pano!" anatero Febe.

Anakumba dzenje ndi kakhasu. Anathiramo manyowa a mbuzi. Amayi anamuthandiza kugogoda chitini. Kamtengo kanatuluka ndi dothi lake. Mizu inali itapotana ngati ulusi. Febe anakaika pansi mosamala. Anakwirira. Anathirira.

"Tambasula miyendo tsopano," anakanong'oneza. "Pano ndi pathu."

M'mawa uliwonse Febe ankathirira. Akaweruka kusukulu ankathiriranso. Anatchingira ndi minga chifukwa cha mbuzi. Mlungu unatha. Wina unathanso. Kenako pamutu pa kamtengo panatuluka timasamba. Tinali tofiirira. Tinali tonyezimira. Kamtengo kanachira!

Njerwa nazo zinauma. Bambo anazisanja uvuni. Anasonkha moto. Utsi unafuka masiku atatu. Uvuni utazizira, njerwa zinali zofiira, psuu! Bambo anagogoda imodzi. Inalira ngati belu.

"Tsopano tiitane amisiri," anatero.

Amisiri anafika Loweruka m'mawa pa njinga. Febe ankayembekeza bambo wandevu. Koma ayi. Anali mayi. Dzina lawo anali a Cecilia. Anavala ovololo yabuluu. Pensulo anaitsomeka m'duku. Pa keliyala panali chingwe, tepi ndi levulo yoyezera kuwongoka kwa khoma.

Ku Nsaru aliyense ankawadziwa a Cecilia. Khoma lawo silipindika. Kona yawo siinama. Ena poyamba ankaseka kuti, "Mzimayi angamange nyumba?" Lero omwewo amagona m'nyumba zomanga a Cecilia. Ndipo amagona tulo tabwino.

"Timange apa," anatero a Jonasi. Analoza pafupi ndi msewu.

A Cecilia anawerama. Anatapa mchenga m'manja.

"Apa ayi, bambo," anatero. "Mchengawu mukuuona? Wabwera ndi madzi. M'dzinja madzi amadutsa pano. Nyumba ingamamwe madzi chaka ndi chaka."

Anayenda malo onse. Anaponda apa. Anaponda apo. Kenako anakwera chakumtunda.

"Malo a nyumba ndi ano," anatero.

Anayamba kukhoma zikhomo. Kho! Kho! Kho! Anakoka chingwe. Chingwe chinapita uku. Chinakhota. Chinapita uko. Chinakhotanso. Nyumba inaoneka pansi, yaitali bwino. Mbali yake yaitali inayang'ana kumsewu. A Jonasi anamwetulira mpaka mano onse kuoneka.

Koma Febe sanamwetulire. Kamtengo kake kanali m'kati mwa chingwe.

"Apa ndiye pabalaza," anatero a Cecilia. "Apa chipinda cha ana. Ndipo uku kumapeto, chipinda cha makolo." Anaima. Anayang'ana pansi. "Nanga mlendo uyu? Kodi muzigona naye kuchipinda?"

"Ndi kamtengo kanga," anatero Febe ndi mawu aang'ono.

"Unasankha wekha malowa?"

"Eya."

"Uli ndi maso a mmisiri, mwana iwe. Wasankha pabwino kuposa ponse. Vuto lake ndi lomwelo."

A Jonasi anakanda m'mutu. Anakumbukira mawu awo aja. Anali iwo amene anati, bzala paliponse.

"Tingokazula," anatero. "Tikabzale pena."

A Cecilia anapukusa mutu.

"Ndi dzuwa la Okutobala lino? Peyala silifuna kugwidwagwidwa mizu. Kangogwira kumene aka. Mukakazula lero, sindikhulupirira kuti kapola."

"Ndiye tisunthe nyumba," anatero amayi.

A Cecilia anatambasula tepi. Anayesa kusunthira kumanzere. Kunali dzenje la njerwa. Anayesa kumanja. Kunali nkhadze, malire a a Hannah. Anayesa kutsogolo, kenako kumbuyo. Kamtengo kankagundabe chingwe.

"Mtengo umafuna mpata," anatero. "Mapazi asanu kuchoka pakhoma. Apo ayi, mizu idzang'amba maziko. Pepa, mwanangu. Malo akutikaniza."

Bambo anagwada pafupi ndi Febe.

"Mvula ili pafupi, Febe. Sitingagone m'chisakasa dzinja lonse. Maziko tikumba Lolemba."

Febe anagwedeza mutu. Nyumba ankaifuna. Kamtengo ankakafunanso. Mtima unamuwawa kwambiri. Anakhala pansi pafupi ndi minga ija. Misozi inagwera pa dothi lofiira.

"Ndinakunamiza," anauza kamtengo. "Ndinati pano ndi pathu."

Dzuwa linakwera. Amayi anati alendo amwe thobwa. Analowa m'chisakasa kukatenga tebulo. Tebulo lija, mwalikumbuka? Linali lisanasiye makani ake. Linafika pakhomo. Linakana kutuluka. Amayi anakoka. Linakana. Anakankha. Linakana.

Febe anadzutsa mutu. Pakamwa pake panayankhula pokha.

"Litembenuzeni, amayi!"

Amayi analitembenuza. Tebulo linatuluka.

Febe anayang'ana tebulo. Anayang'ana chingwe. Anayang'ananso tebulo. Kenako anadzambatuka. Anathamangira ku uvuni. Anatenga njerwa imodzi. Anatolanso kamtengo kouma.

Anafika pamaso pa a Cecilia. Anagwada mwaulemu.

"Amisiri, ndingakuonetseni kanthu?"

"Tiye, tione."

Febe anajambula mzere pansi. "Uwu ndi msewu." Anazika kamtengo kouma kaja. "Ili ndi peyala langa." Anaika njerwa mopingasa. Njerwa inagunda kamtengo.

"Nyumba ili chonchi," anatero. "Ikukana kukwana. Nanga titaitembenuza?"

Anatembenuza njerwa. Mutu wake unaloza kumsewu. Pakati pa njerwa ndi kamtengo panatsala mpata.

A Cecilia anasiya kumwa thobwa. Anaika kapu pa tebulo. Anasolola pensulo m'duku. Anayang'ana njerwa ija nthawi yaitali.

"Gwira tepi iyi," anauza Febe. "Ima apo. Usasunthe."

Febe anagwira tepi. Sanasunthe. Ntchentche inatera pamphuno pake. Sanasunthebe.

A Cecilia anayeza chakumbuyo. Nkhadze sanazifike. Anayeza chakutsogolo. Mchenga sanaufike. Anayang'ana dzenje. Linali patali bwino. Kenako anaima pomwe padzakhale khoma. Anayenda kupita pa kamtengo. Onse anawerenga nawo.

"Limodzi. Awiri. Atatu. Anayi. Asanu!"

"Yakwana!" anafuula Febe.

"Yakwanadi," anatero a Cecilia. "Zaka zonsezi ndikumanga, sindinaphunzitsidwepo ndi tebulo. Unaziphunzira kuti zimenezi?"

"Pa lole," anatero Febe.

Amayi analulutira. Koma a Cecilia anakweza dzanja.

"Dikirani kaye. Pali kanthu kamodzi. Khonde ndi khomo zimakhala kumbali yaitali. Tikaitembenuza, khomo siliyang'ananso kumsewu. Liyang'ana kumtengo. Eni nyumba anene okha."

Onse anatembenukira kwa a Jonasi.

A Jonasi anayang'ana kumsewu. Febe ankadziwa chifukwa chake. Khomo loyang'ana kumsewu linali loto la bambo ake. Analinena ku Kabudula. Analinena ku Nambuma. Analinena mpaka amayi analoweza.

Bambo anayenda pang'onopang'ono. Anakaima m'mbali mwa msewu. Njinga inadutsa. Ngolo inadutsa. Minibasi ya ku Nsaru inadutsa ndi fumbi lake. Bambo anayang'ana fumbilo mpaka linatha.

Kenako anabwerera. Anaima pa kamtengo. Anakhudza katsamba kofiirira ndi chala.

"Amake Febe," anatero, "kumsewu ndayang'anako zaka zingati?"

"Zambiri, bambo a Febe."

"Ndinkayang'ana chiyani?"

"Lole."

"Nanga lero ndikudikira lole yanji?"

Amayi anangopukuta m'maso ndi chitenje.

Bambo anawerama. Anazula chikhomo choyamba ndi manja awo. Anachipereka kwa a Cecilia.

"Itembenuzeni, amisiri," anatero.

Febe anawakumbatira bambo ake m'miyendo. Anawagwira zolimba. Bambo anatsala pang'ono kugwa.

Lolemba anakumba maziko. Lachitatu a Cecilia anayala njerwa yoyamba. Manja awo anali achangu. Matope, njerwa, kugogoda. Matope, njerwa, kugogoda. Akamaliza mzere, ankaika levulo. Kadontho ka m'levulo kankaima pakatikati. Febe ankakonda kukasuzumira.

"Kali pakati, amisiri!"

"Ndiye tipitirize," ankatero a Cecilia.

Khoma linafika m'mawondo. Linafika m'chiuno. Linapitirira mutu wa Febe. Linapitirira mutu wa bambo. Mazenera analowa. Fumbi likagwera pa kamtengo, Febe ankatsuka masamba ndi madzi.

Tsiku lokhoma denga kunabwera anthu ambiri. A Hannah anabwera ndi anzawo a kutchalitchi. Abambo anakweza mitengo ndi malata. Azimayi anabwera ndi mbatata ndi thobwa. Paja mutu umodzi susenza denga.

"Takulandirani pamudzi pano," anatero a Hannah. "Simulinso alendo."

Tsiku lolowa m'nyumba linafika. Mphasa zinalowa. Mapoto analowa. Kenako inafika nthawi ya tebulo. Bambo anapinda malaya. Anakonzeka kulimbana nalo. Febe anakonzeka kufuula.

Koma tebulo linangolowa, lololo! Silinagunde paliponse.

Onse anadabwa. A Cecilia anaseka.

"Khomolo ndalikulitsa dala," anatero. "Aphunzitsi athu, atebulowa, asamavutike polowa."

Patapita masiku awiri, mvula yoyamba inagwa. Inalira pa malata ngati ng'oma. M'nyumba simunadonthe. Madzi anathamanga kumunsi, kufupi ndi msewu. Anadutsa pomwe pa mchenga paja. Bambo anawaona. Anagwedeza mutu.

"A Cecilia aja ndi mmisiri," anatero.

Dzinja linatha. Chimanga chinacha. Fodya anagulitsidwa m'maesiteti. Nyengo yosamuka inafikanso.

Tsiku lina masana, onse anali pakhonde. Amayi ankasenda mtedza. Bambo ankakonza tcheni cha njinga. Febe ankalemba za kusukulu pa tebulo lija.

Mwadzidzidzi kunamveka kulira kwa lole. Vuuu! Vuuu!

Febe anadzidzimuka. Anataya pensulo. Miyendo yake inathamanga yokha. Anakatenga chitini chija kuseri kwa chitseko. Anachikumbatira.

Kenako anayang'anamo. Munalibe kanthu. Munali misomali iwiri yokha.

Amayi anaseka mpaka mtedza unatayika.

"Ukupita kuti, mayi wachitini?"

Febe naye anaseka. Anachita manyazi pang'ono. Anabweza chitini pamalo pake.

Lole inadutsa kumsewu. Inapita kutali. Bambo sanacheuke n'komwe. Maso awo anali pa mtengo.

Sikanalinso kamtengo. Unali mtengo. Unali utamupitirira Febe. Unali ndi nthambi zinayi. Pansi pake panali kamthunzi. Nkhuku imodzi inkakwanapo bwino.

Febe anakhala pakati pa makolo ake.

"Bambo, mapeyala tidzayamba kudya liti?"

"Aa, si lero, mwanangu. Peyala la njere limachedwa. Mwina udzakhala uli ku sekondale."

"Zaka zonsezo?"

"Zaka zonsezo."

Febe anaganiza pang'ono. Anayang'ana mtengo. Anayang'ana khoma lofiira. Anatsamira pa phewa la amayi ake.

"Palibe kanthu," anatero. "Tidikira. Pano ndi pathu."